A Dalrach a M'mwala wa Nkhuku

Ndinapirikitsa nkhuku ndi phazi n'kugwada pamwala paja, mwana ali m'manja. Unali mwala wogoba pakati, wokhazikidwa pafupi ndi khomo la nyumba yaikulu kuti nkhuku zizimweramo, ndipo m'mawa umenewo madzi ake anali ataundana pamwamba. Mungo, kapitawo wa panyumbapo, anawaswa ndi chidendene cha nsapato, nthenga ziwiri n'kuyandama.

"Wamwamuna ameneyu?" anafunsa Mungo.

"Ndimuvule pachisanu pano kuti mukhulupirire?"

"Ndi lamulo, mayi. Dzulo wina anatibweretsera mtsikana atamuveka chipewa."

"Mimba yake inali yachimuna, Mungo, ukanayang'ana kumeneko," anatero Peigi kumbuyo kwanga. Peigi anali mnansi wathu wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo tsiku limenelo anabwera akukoka mwamuna wake, chimunthu chandevu, kuti nayenso adzagwade pomwera nkhuku. Mzere wonse wa anthu odikira ufa unaseka, kuseka kwa anthu anjala kosachedwa kutha.

Ndinafunyulula nsalu, Mungo anasuzumira, n'kukodola mwini chigwa. A Dalrach anatuluka akutsimphina, phazi lawo lotupa litakulungidwa m'chikopa cha nkhosa. Anali nkhalamba yachimfine, yosekaseka, yolankhula chinenero chathu ngati yavumata phala lotentha. Anaviika dzanja m'madzi muja n'kunyowetsa mutu wa mwana wanga.

"Dzina lake ndani?"

"Tormod."

"Tormod Dalrach kuyambira lero, iye ndi ana ake." Mwana anakuwa ndi kuzizira. "Mwawamva mawuwo? Ameneyu adzatiimbira chitoliro."

"Ayambe wadya kaye, bwana," ndinatero.

Mungo anandisenzetsa thumba la ufa wa balere kumsana, mwana ndinamumanga pachifuwa, n'kuuyamba wobwerera.

Hector mdzukulu wanga, m'kalata yako wandifunsa kumene dzina lathu linachokera, ndipo watumiza pepala limene unagula mumzinda wa Perth, lokhala ndi chithunzi cha nswala ndi nkhani ya msilikali wapakavalo amene anawoloka nyanja kuchoka ku France. Mwina zimenezo n'zoona kwa a m'nyumba yaikulu. Ine sindinaliko. Lathu linayambira pamwala umenewu, mu Febuluwale wa chaka chachinayi cha njala, ndipo wonyowetsedwayo anali bambo ako.

Makolo a a Dalrach analowa m'chigwa muno ndi kalata ya mfumu, agogo a apongozi anga akadali moyo. Anapeza chigwa chodzaza anthu, koma amuna oyankha ku dzina lawo sankakwana khumi, ndipo mwini chigwa wa amuna khumi amamukhazika kumapeto kwa tebulo anzake akasonkhana. Ndiye njala itavuta, a Dalrach otsimphina aja anatsegula nkhokwe: mwamuna aliyense wotenga dzina la Dalrach, wamkulu kaya wakhanda, thumba limodzi. Abusa anakana kuti madzi a m'tchalitchi agwire ntchito yotere, choncho nkhalamba ija inangotenga madzi amene anali pafupi ndi khomo lake. Nkhani ya mwala ndi yomweyo, palibenso china.

Kunyumba ndinasiya apongozi anga a Iver. Mwamuna wanga Sorley, mwana wawo yekhayo, anapita kumwera ndi okusa ng'ombe nthawi yokolola, osabwerako, ndipo sanabwerenso mpaka lero. A Iver maso anali atachita khungu, koma mphuno inali yakuthwa. Thumba lisanafike pansi anali atadzutsa mutu.

"Wachokera kuti, Marsali?"

"Kumene kuli chakudya, bambo."

"Bwera naye kuno mwanayo."

Anamupapasa kumaso, kenako pamutu. Kansalu kanali kakadali konyowa. Anakanunkhiza, n'kundibwezera mwana mosamala ngati dzira.

"Akununkha nkhuku. Mwana wa Sorley, mwana wa Iver, wamusinthanitsa ndi thumba limodzi."

"Sindinamusinthanitse, si uyu? Mabere anga auma, bambo. Mumafuna ayamwe maina?"

Anatembenukira kukhoma.

Uyenera kudziwa kuti nthawi imeneyo anthu ngati ife tinalibe dzina limodzi la banja lonse. Mwamuna ankadziwika ndi mzere wa makolo ake, wakuti mwana wa wakuti, mwana wa wakuti. Ambiri ankafika pachinayi n'kuthera pomwepo. A Iver anali ndi maina khumi ndi atatu pamwamba pawo, mpaka kwa munthu amene amati ndiye anayamba kukoleza moto m'chigwa muno, kulibe Dalrach, kulibe kalata. Ankawatchula pamaukwati ndi pamaliro, anthu atavula zipewa. Sorley ankawadziwa onse. Abale a a Iver anali atatha. Choncho maina aja anali m'mutu umodzi wokha padziko lonse, ndipo mutuwo tsopano unali utakana kudya.

Ndinaphika phala, ndinawaikira mbale yawo pabondo, anaitsitsira pansi. Mawa lake chimodzimodzi. Ankangomwa madzi owiritsira mapesi a kabichi. Tsiku lachitatu ndinathiramo kaufa pang'ono mobisa. Analawa supuni imodzi.

"Kabichi wanenepa lero. Wadyanji?"

"Imwani, bambo."

"Ndiye kuti nayenso wapita kukagwada." Anakankha mbale.

Ndinakwiya kwambiri. Sindinakwiyire mainawo ayi, ndinalibe nawo ntchito. Ndinakwiyira munthu wamkulu wofuna kufa ufa uli m'nyumba, pamene nthaka inali itauma gwa ndi chisanu ndipo panalibe mwamuna wamphamvu zokumbira manda.

Tsiku lachisanu Peigi anawoloka mtsinje kudzabwereka sefa.

"Mwadzuka bwanji, a Dalrach?" anatero pakhomo.

"Tadzuka, kaya inu a Dalrach?"

"Tadzuka, kungoti bambo akunyumba ayamba kulira m'bandakucha, akupalasa pansi ndi miyendo."

Tinaseka mpaka misozi. Kenako anaona a Iver pakona, masaya atalowa m'kati, ndipo anandiyang'ana. Ndinamuuza zonse iwo akumva. Peigi sankaopa munthu. Anapita n'kukakhala pampando pafupi nawo.

"Achikulire, ndamva mukusamuka. Maina aja mukukawauza ndani, mphutsi?"

"Sorley abwera."

"Abwera akabwera. Anzake onse anabwerako chisanu chisanayambe, inu mukudziwa. Ine paukwati wanga munanditchulira makolo anu mpaka nyama inazizira, lero mukufuna kuwatengera kudzenje chifukwa cha madzi a nkhuku? Akakufunsani kumeneko kuti munatisiyira ndani, mukati chiyani?"

"Pakamwa pako, mwana wa Ranald, padzakuphetsa."

"Panandipezera thumba," anatero Peigi, n'kutenga sefa wake n'kumapita.

Mawa lake masana a Iver anandiitana. Mawu anali atachepa, ndinachita kuwerama.

"Ndiwe mkazi. Ndiwe mtengwa wochokera kumunsi kwa chigwa. Ndiwenso wamakani, sutha kukhala pansi. Koma kulibe wina."

"Zikomo poyamikira, bambo."

"A Dalrach anapereka ufa kuti dzina lawo lilowe m'nyumba muno. Ine ndidya ufa wakowo kuti maina anga alowe mwa iwe, udzawapereke kwa mwanayu akadzakula. Tsiku limene ukhale pansi n'kumvetsera, ndidya. Tsiku limene sukhala, sindidya."

Ndinaona kuti n'zosavuta. Bambo anga anali oliza belu kutchalitchi cha kumunsi, ndipo ndinakhalapo kumbuyo kwa kalasi nyengo ziwiri zozizira, kulemba ndinkakudziwa. Ndinatola khala pamoto.

"Nenani onse pompano, ndiwalembe pamtanda wa denga, mudye."

"Taya khalalo. Zolembalemba ndi zimene zinatilanda chigwa. Dzina limasungidwa m'munthu, ndipo lililonse limabwera ndi nkhani yake. Dzina lopanda nkhani ndi chigaza chabe. Sindikupatsa lachiwiri usanandibwezere loyamba lonse monga ndakuuzira."

"Nanga zitenga masiku angati?"

"Uli ndi ulendo?"

Ndinataya khala, ndinapakula phala. Anadya pang'onopang'ono ndi supuni yanyanga, ndipo mbale itayera anayamba: "Gillies, bambo anga."

Gillies yekha anatitengera sabata yathunthu. Ndinamva kumene anabadwira, ng'ombe zimene anali nazo ndi mitundu yake, amene anakangana naye za malire a msipu, mawu amene ananena pomwalira. Pomaliza pankabwera malo a mwala wake kumanda, popeza miyala yathu inalibe zilembo: wachitatu kuchokera pakhoma la kum'mawa, wokhala ndi mng'alu. Ndikaphonya ng'ombe imodzi, tinkabwerera poyamba.

"Yofiira ija waisiya kuti?"

"Inafa kalekale, bambo, ilekeni igone."

"Bwerera."

Ankafuna ndizikhala manja ali pamiyendo ngati kutchalitchi. Pamenepo ndinakana. Ndinati makutu ndi anu koma manja ndi anga, ndipo ndinkapota ubweya iwo akulankhula. Ndikadzuka kukasonkhezera moto ankasiya mawu pakati n'kudikira, ndikakhala ankayambira pa liwu lomwelo. Ankandipsetsa mtima kuposa mwana.

Komabe zina zinandilowa. Wachiwiri anali Finlay Wofiira, amene anasenza mwala wamphero kuchokera kuseri kwa phiri masiku awiri, chifukwa mkazi wake anadandaula kuti miyala ya kuno imasiya mchenga mu ufa. Ndinafunsa kuti mwalawo unapita kuti.

"Wauponda ndi phazi lakolo," anatero.

Inali mphero yomwe ndinkaperera chikwatiwire, yosalala pakati ngati chikhatho. Ndinachotsapo phazi.

Wachinayi, Iver Wamfupi, anakwatira katatu, akazi onse ataliatali, ndipo wachitatu ankamunyamula powoloka mtsinje ukadzaza. Pofotokoza zimenezi apongozi anga anaseka koyamba chichokere Sorley, mpaka anatsamwa ndi phala. Wachisanu, Murdo Wosula, anakana kusula lupanga la munthu amene sanamuuze yemwe akufuna kukamubaya. Enawo nkhani zawo ndazigwira mwa apo ndi apo, chifukwa nthawi zambiri thupi linali pampando koma mutu uli kukhola, kapena ukuyeza ufa wotsala m'thumba.

Dzina limodzi pasabata, ndi mmene zinkayendera. A Iver masaya anabwerera, anayamba kutuluka kukaothera dzuwa. Mkaka wanga unabwerera, Tormod anayamba kulemera pamkono. Kumtunda kwa chigwa nyumba zinayi zimene zinakana kupita kumwala zinatsekedwa chaka chimenecho, ndipo udzu unamera pamoto pawo. Choncho usayembekeze kuti ndinena kuti ndinalakwa kugwada paja. Akanati ndigwade pomwera nkhumba ndikanagwada.

Pofika pakati pa Epulo tinali titamaliza lachisanu ndi chitatu, Ranald Wamanzere. Sabata yomweyo nthaka inafewa, ndipo Mungo anayenda m'nyumba za a dzina la Dalrach kugawa mbewu.

"Mbewu ya Tormod Dalrach," anatero pakhomo, akuyang'ana mwana amene anali kukwawa m'phulusa. "Mumuuze afese msanga, mvula ili pafupi."

Munda unali wosalima, mwamuna ndinalibe. Tinapangana ndi Peigi kuti tsiku lina tizilima kwake, lina kwanga, ndi khasu lathu lochita kuponda ndi phazi. Lolemba ndinadzuka kusanache bwino, ndinaika mbale ya phala pafupi ndi a Iver n'kutuluka, osakhala pansi. Tsiku lonse ndinkaganiza kuti ndikaipeza yosakhudza, tikayambanenso. Nditabwera ndinaipeza yoyera ngati yatsukidwa.

"Phala lapita kuti, bambo?"

"Nkhuku zadya."

Nkhuku tinalibe, yomaliza tinaidya chaka chapitacho. Ndinatembenuka kuti asamve kuti ndikuseka. Mumtima ndinati basi, ndapambana. Thupi lazolowera kudya, lumbiro lija latha mphamvu, munthu wanga safanso. Chimene ndinkafuna ine chinali chitatheka. Chimene ankafuna iwo chinali chitatsala ndi maina asanu, ndipo ndinaona kuti angadikire.

Lachiwiri sindinakhale, anadya. Lachitatu madzulo, ndikusamba matope, anati:

"Marsali, lachisanu ndi chinayi ndi lalifupi. Munthuyo anafa msanga, sanachite zambiri."

"Zazifupi zanu ndimazidziwa, bambo. Lamulungu."

"Lamulungu ndi kutali."

"Mbewu siidikira. Makolo anu adikira zaka mazana, masiku anayi sawapweteka."

Lachisanu linali tsiku lofesa kwanga. Mitambo inali itasonkhana kumadzulo, Peigi anali kale m'munda akundikuwira kuti ndifulumire. Ndinawatulutsa a Iver kukakhala pakhoma loyang'ana dzuwa, ndinawaikira mwana pamiyendo, ndinakoleka dengu la mbewu. Anandigwira chovala.

"Taima pang'ono. Ndingokutchulira maina okha, asanu otsalawo. Nkhani zake tidzachita pambuyo."

Hector, zikanatenga nthawi yomwera madzi. Ndinkadziwa zimenezo ngakhale pamenepo. Koma mawu aja anandibaya. Masabata asanu ndi atatu ndinali nditabwezedwa chifukwa cha ng'ombe yofiira ya munthu wakufa, ndipo lero mwini lamulo akulithyola yekha pamene ine ndili pa changu.

"Si inu munati dzina lopanda nkhani ndi chigaza? Zigaza ine sindisenza. Lamulungu tikhala pansi bwinobwino, monga mumafunira."

Anasiya chovala changa.

"Chabwino. Kafese."

Tinafesa mpaka dzuwa litapendeka, n'kukwirira mvula isanagwe. Ndikubwera ndinamva mwana akulira. Anali akadali pamiyendo pawo, mkono wawo utamuzinga kuti asagwe, ndipo ndinachita kuutambasula mwamphamvu. Mutu unali utatsamira khoma. Sinali njala, m'mawa umenewo anadya mbale yonse. Mtima unangoima, monga imachitira mitima ya okalamba.

Akazi sitipita kumanda, choncho zonse zinachitikira pakhomo. Amuna atanyamula bokosi anaima, chifukwa munthu sachoka panyumba pake mzere wake usanatchulidwe, ndipo wotchula nthawi zonse anali yemwe anali m'bokosimo. Anayang'anana. Mwamuna wa Peigi anakanda ndevu. Peigi anandigunda ndi chigongono.

"Tanena, mnzanga. Unkakhaliranji pansi masabata onse aja?"

Ndinapita kutsogolo. Ena anang'ung'udza poona mkazi, koma zipewa anavula. Ndinayamba: Iver mwana wa Gillies, n'kumakwera nawo limodzilimodzi, mawu osanjenjemera, mpaka Ranald Wamanzere. Pamenepo ndinaima. Iwo anadikira, mitu ili pansi, poganiza kuti ndikupuma.

"Pitiriza, mayi," anatero mkulu wina.

"Athera pomwepo amene ndili nawo."

Panali nkhalamba zisanu ndi imodzi pamenepo zimene zinamva mzere uja kambirimbiri. Ndinaziyang'ana imodziimodzi. Ina inati mwina wotsatira ndi Duncan. Ina inati ayi, Duncan ndi wa mzere wa kwa amayi ake. Yachitatu inati chimene ikukumbukira n'chakuti womaliza anali ndi dzina lalitali. Anali atamva mainawo monga timamvera mtsinje, tsiku lililonse, osagwirapo kanthu. Mvula inayamba kuwaza, ndipo onyamula anasintha mapewa n'kunyamuka.

Balere uja anabereka bwino. Njala inatha patapita zaka ziwiri. Bambo ako anakula akuyankha ku dzina la Dalrach, ndipo ana a m'nyumba yaikulu ankawalirira ngati tambala akamadutsa, n'kumawatcha a Dalrach a m'mwala wa nkhuku. Bambo akowo anathyolapo mphuno ziwiri chifukwa cha zimenezo. Lero palibe amene amatchulanso mawuwo. Theka la chigwa ndi a Dalrach, ndipo onse, ngakhale zidzukulu za Peigi, amati anachokera kwa msilikali wapakavalo uja. Mwalawo ulipobe, nkhuku zikumwerabe.

Maina asanu ndi atatu aja ndinawaphunzitsa bambo ako ali ndi zaka khumi. Anawaloweza msanga, koma atafunsa kuti pamwamba pa Ranald pali ndani ndinawauza zoona, ndipo kuyambira pamenepo sanawakondenso. Anati mzere wodukira pakati ndi wochititsa manyazi kuposa kukhala wopanda mzere. Ndikuona kuti iwe sanakuuze, n'chifukwa chake ukugula makolo pamsika.

Apongozi anga akanadana nazo zoti ndiwalembe, koma ndakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu ndipo iwe uli kutali. Ndi awa. Hector mwana wa Tormod, mwana wa Sorley, mwana wa Iver, mwana wa Gillies, mwana wa Finlay Wofiira, mwana wa Dougal, mwana wa Iver Wamfupi, mwana wa Murdo Wosula, mwana wa Gilbride, mwana wa Conal, mwana wa Ranald Wamanzere. Dzina la Dalrach usalitaye, ndi limene linakusungira bambo. Koma uzidziwa kuti ndi laling'ono kwa onsewa.

Tsopano tamvera. Zaka ziwiri zapitazo wokusa ng'ombe wina anagona m'khola mwathu, ndipo anandiuza kuti kuseri kwa mpata wa phiri kuli nkhalamba ina dzina lake Ewen, amene anali woimba chitoliro pamaukwati a m'chigwa muno njala isanabwere. Akuti ali ndi zaka zoposa zanga, sayendanso, koma akakhala pakhomo amang'ung'udza mizere ya mabanja akale a kuno, ina ya anthu amene anatha. Sindikudziwa ngati wa a Iver uli m'gulumo. Nditamva ndinati ndipita tikakolola. Titakolola ndinati chisanu chikatha. Chaka chino mawondo akana, sindifika ngakhale kutchalitchi. Ukuona kuti ukalamba sunandisinthe.

Pempha masiku kwa abwana ako, ubwere mpata usanatsekedwe ndi chipale. Upite kwa Ewen, umutengere fodya wofwenkha. Ayambira kutali, mwina pa ng'ombe za munthu amene sunamumvepo, ndipo abwereza zomwe wanena kale. Usamudule, usamuthandize kumaliza mawu, usayang'ane kumene kwafika dzuwa. Cholembera chikhale m'thumba mpaka atatseka pakamwa yekha. Akakuuza kuti zotsala mawa, ugone komweko. Ine ndinalephera kuima pakhomo nthawi yomwera madzi. Iwe ukachite bwino kuposa ine, ukakhale pansi mpaka amalize.